Ulendo wa Apongozi Anga ku Kamchenga

Ana inu, ndamva kuti mukukonza zopita ku Kamchenga kukasewera, ati pa boti la injini, aliyense atavala chijekete choyandamitsa ngati dzungu. Chabwino, pitani. Koma muyambe mwawerenga izi. Ndalemba ndekha, ine Twaibu agogo anu, ndi dzanja langali. Zilembo zikuyenda chammbali ngati nkhanu, ndikudziwa, ndiye iwe Hawa usayambe kuseka. Sukulu yanga inali ya kwacha, pansi pa mtengo wa mango, ndili kale ndi ndevu. Koma mawu anga mumawadziwa, ndikayankhula kudooko kuno amamva a kumsika. Muwerenge mokweza monga ndikananenera mwini wakene.

Kamchenga si chilumba choti munthu n'kuchitama kukula. Ukhoza kuchizungulira chonse tiyi asanazizire m'kapu. Pali migwalangwa itatu, mkuyu umodzi, basi, kwinako ndi mchenga woyera mbee. Bango palibe, ndiye ng'ona sizikhala ndi pobisala. Madzi ake ndi osaya moti umayenda, kuyenda, kuyenda, ukacheuka anthu akuoneka ang'onoang'ono koma madzi akadali m'mawondo, zala za kuphazi ukuziona zonse, tinsomba tikukujompha. Ife tonse a mudzi uno tinaphunzirira kusambira kumeneko. Amayi athu ankapita ndi zochapa pamutu, ife pambuyo tili maliseche, n'kutiponya m'madzimo ngati ana a bakha. Inu lero mwana akangotsokomola madzi pang'ono, mayi wake wayamba kale kuimba foni.

Masiku amenewo, mvula ikakhala kuti inatha kalekale ndipo nyanja yaphwa, pankaoneka msana wa mchenga wochokera kugombe lathu lino mpaka kuchilumbako. Tinkangowoloka ndi miyendo. Panali malo amodzi okha ozamirapo pang'ono, chapakati, tinkawatcha pakhwawa. Tsono mvetsetsani apa, iwe Yusufu leka kukanda kafoniko. Nyanja yamchere ya ku Mozambiki amati madzi ake amachoka m'mawa n'kubwera masana. Yathuyi sichita zimenezo tsiku ndi tsiku, koma ili ndi khalidwe lake. Mphepo ya mwera ikawomba masiku awiri atatu, imakankhira madzi kumpoto, kuno n'kutsika. Mwera ukangotopa, madzi aja amabwerera kwawo, ndipo pobwera saodira.

Ine ndinakula ndi nkhafi m'manja. Bwato lathu linali losema, la mtengo umodzi, osati matabwa okhomerera awa. Maukonde tinkaluka tokha ndi ulusi wosomola m'matayala akutha a galimoto, ntchito yotupitsa zala. Ndili mnyamata ndinkapalasa mpaka akuluakulu kumafunsa kuti mwana uyu wadya chiyani. Sindikudzitama ayi, funsani amene atsalako.

Chimene chinandichotsa kunyanja ndi agogo anu aakazi, Asiyatu. Ndinkapita ku Katuli ndi utaka wouma pa njinga kukasinthitsa ndi chimanga, njinga yopanda mabuleki, potsetsereka ndikumagwiritsa phazi. Ndinawaona akusinja pakhomo, aatali, khosi ngati la kakowa. Utaka wa tsiku limenelo ndinaupereka wonse pakhomo pomwepo, chimanga sindinachiwerenge n'komwe. Tinamanga nikaha, ukwati wathu wa Chisilamu, ndipo monga mwa mwambo ine ndinakakhala kwawo, pachikamwini.

Zaka zisanu! Ine mwana wa m'madzi, zaka zisanu ndikulimbana ndi khasu kuphiri. Ndinalima chimanga, nandolo, ndinamanga nkhokwe ziwiri. Mizere yanga inkapindika ngati njira ya mlamba, anthu kumabwera kudzaonerera. Ndiwo zake masamba lero, masamba mawa. Nsomba ndinkangozilota. Kumeneko ndi kumene kunabadwira Patuma, amayi ako iwe Hawa, kenako Saidi.

Apongozi anga aakazi anali Abiti Selemani, mayi wamasiye, wamfupi ngati mtondo wosinjira koma pakhomo pawo panalibe wotsutsa. Inu a lero mumakhala ndi apongozi pa mpando umodzi, kumaonera limodzi mpira. Ife ayi. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankathawana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine kuyang'ana kumbali. Kudyera pamodzi ayi, kugwirana chanza ayi, kuyang'anana m'maso ndiye usayerekeze. Ndikafuna kunena kanthu ndinkawapatsa msana, n'kuyankhula ndi nkhokwe, kapena kutuma Asiyatu. Iwonso chimodzimodzi: “Asiyatu, uwauze amuna akowo kuti mbuzi zalowa m'munda.” Ine ndili pomwepo, ndikumva. Zaka zisanu nkhope yawo sindinkaidziwa bwino, ndinkangodziwa mapazi.

Ndinapempha chitengwa, kuti nditenge mkazi wanga ndi ana tidzakhale kwathu kunyanja. Nkhani zotere zinkapita kwa mwini mbumba, amalume ake a Asiyatu, Che Mbwana, mchimwene wawo wa apongoziwo. Kawiri konse anandikaniza. Iwo ankangonyamula mawu, wokana weniweni anali Abiti Selemani. “Nyanja imadya ana,” ankatero. Ndipo musawaseke. Mwana wawo woyamba, Amidu, anatengedwa ndi mtsinje wosefukira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, iwo akuona. Kuyambira pamenepo madzi opitirira mu ndowa sankawakhulupirira. Nyanja anali asanaifikepo, ankangoiona patali ali pamwamba pa phiri.

Kachitatu sindinatume munthu. Ndinaima pabwalo, nkhope ku nkhokwe, n'kutsegula kukhosi.

“Amayi akuopa chinthu chimene sanachipondepo! Abwere akachione. Kwathu kuli chilumba choti mwana wokwawa amasewera m'madzi, ndipo timapitako ndi miyendo. Akakaona kuti ndanama, ine ndidzafera pa khasu konkuno, za chitengwa sindidzazitchulanso!”

Kenako ndinamva kuseri kwa khitchini: “Asiyatu, uwauze kuti ndamva. Mawu awowo awagwire bwino, asawataye.”

Tinanyamuka titakolola, mwera uli chakumapeto. Tinayenda pansi mpaka kumsewu, n'kukwera lole ya matumba a chimanga. Nthawi imeneyo ulendo sunkayambira pa chikwama, unkayambira pa khadi la chipani. Popanda khadi sukwera, sulowa mumsika, suwoloka. Pa mlatho wa ku boma anyamata a malaya ofiira anatitsitsa tonse. Mmodzi analoza mimba ya Asiyatu, poti anali oyembekezera, ati, “Nanga uyu wam'katiyu lake lili kuti?” Tinaseka mwaulemu, poti masiku amenewo kuseka kunalinso ndi muyeso wake. Apongozi lawo ankalisunga pamutu, mkati mwa duku, ngati chithumwa.

Titafika kuno, mwera unali utawomba masiku atatu, mabwato onse ali pamtunda, amuna akungosoka maukonde ndi njala ya nsomba. M'mawa mwake ndinapita kugombe, ndinaona msana wa mchenga uja uli poyera, madzi atatsika kuposa mmene ndinkayembekezera. Mtima wanga unavina. Akulu anga a Jafali anandikokera pambali.

“Twaibu, tenga bwato. Mwerawu watopa, sufika madzulo.”

“Achimwene, ndinanena kuti timapitako ndi miyendo. Ndikawakweza m'bwato anena kuti ndanama.”

“Wakhalitsa kuphiri iwe. Khwawa lija linakumbika chaka chatha, silili monga unalisiyira.”

“Nyanja iyi ndiuzidwe ndi munthu, ine?”

Anangopukusa mutu n'kubwerera ku ukonde wawo. Mwamva mmene ndinayankhira? Ndi mmene mumayankhira inu.

Tinalowa m'madzi ngati anthu opita kumunda. Ine patsogolo, Patuma ali pakhosi panga. Pambuyo Che Mbwana, buluku atapinda, nsapato atanyamula pamutu. Kenako Asiyatu, Saidi kumsana, beseni la zakudya pamutu. Pamapeto penipeni, patali ndi ine monga mwa ulemu, apongozi ndi ndodo, akubaya pansi asanaponde ngati akusaka nkhono. Madzi m'kakolo. Madzi m'katumba. Pakhwawa anafika m'mawondo mwanga, iwo cha m'ntchafu, ndinamva akutchula dzina la Mulungu, koma anadutsa. Titaponda pachilumba ndinazika kamtengo m'mphepete penipeni pamene madzi ankalekezera. Msodzi aliyense amatero, kuti adziwe ngati madzi akukwera.

Tsiku lake linali lokoma, ana inu, lokoma zedi. Ndinali nditatenga chambo zinayi kwa a Jafali, za m'mono. Ndinazing'amba, mchere pang'ono, n'kuziotcha pa makala a zikhokho za mgwalangwa, pambali chinangwa. Che Mbwana anadya mpaka kuyamwa mutu, mafuta ali m'ndevu. Patuma analowa m'madzi n'kukhala pansi, madzi akumulekeza m'chiuno, akumenya ndi manja. Apongozi anakhala pansi pa mkuyu atauma gwa, akukuwa, “Mtengeni mwanayo! Mtengeni!” Palibe anamutenga. Patapita nthawi kukuwa kunachepa. Kenako ndinaba ndi kangodya ka diso, Mulungu andikhululukire, ndinaona mapazi aja ndinkawadziwa akusendera, kusendera, mpaka analowa m'madzi. Tinsomba tinawazungulira. Ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo zaka zisanu: Abiti Selemani akuseka! Anamuvula Saidi n'kuyamba kumusambitsa okha, akumuimbira ka nyimbo ka Chiyao.

Ndinati basi, ndapambana. Ndinakhala ndi Che Mbwana n'kuyamba kuwasimbira za kampango amene anandikoka ndi bwato lomwe, za mvuu imene ndinaikalipira mpaka inabwerera. Ndikayamba nkhani mumandidziwa. Sindinamve kuti masamba a migwalangwa, amene ankachita phokoso chiyambire m'mawa, angoti chete. Titaswali swala ya masana ndi pamene ndinacheukira kamtengo kanga. Kanali kataima m'madzi, kutali ndi mchenga wouma.

Ndinayang'ana kugombe, mabwato onse palibe. Mwera utangoleka, amuna onse anathamangira kukatchera, ndani akanatsala atakhala masiku atatu osapha kanthu? Ndinakuwa ndi mawu anga onsewa, anangotuluka amayi ndi ana. Kumpoto kunali kukuda, kusonyeza kuti mphepo ya mpoto ikubwera ndi mafunde ake, ndipo pa Kamchenga palibe ngakhale chisakasa.

Ndinapita ndekha kukayesa. Pakhwawa madzi anandifika pachifuwa, ine wamtali chonchi. Pobwerera, satana anandinong'oneza kuti, ingowauza kuti ndi osaya monga m'mawa, akazindikira ali kale pakati. Ndinamumvera mpaka pamene ndinatuluka m'madzi. Koma nditaona Saidi ali m'manja mwa agogo ake, ndinatembenukira ku mkuyu n'kunena mokweza:

“Asiyatu, uwauze amayi kuti ndalakwa ndine. Akulu anga anandichenjeza, ine ndinakana. Madzi abwerera ndipo akukwerabe. Pakhwawa afika pachifuwa panga. Tikawoloka tsopano ndikuwolotsani nonse, mmodzimmodzi. Tikachedwa, sindilonjeza.”

Che Mbwana anadumpha. “Si zimenezi! Si zimene ankanena alongo anga izi!”



Ndinayamba ndi Patuma pakhosi, Che Mbwana atandigwira lamba kumbuyo, akupemphera mapemphero onse amene anaphunzira ku madarasa, ena kuwabwereza. Ndinawasiya tsidya la khwawa, pamene madzi anali m'mawondo. Ulendo wachiwiri ndinakhuthula beseni lija, n'kumukhazikamo Saidi, kusenza pamutu. Inde Yusufu, abambo akowo, amene lero amavala tayi, anawoloka nyanja m'beseni la chinangwa akulira ngati mbuzi. Ndinawapatsira amalume.

Kunatsala Asiyatu ndi amayi ake. Asiyatu ndi wamtali, akanadutsa yekha. Anawagwira dzanja amayi ake, n'kuyamba kulowa, ine ndili patsogolo chopereka msana. Madzi m'chiuno, madzi pachifuwa, asanafike n'komwe pozama madzi anali atawafika apongozi m'khosi. Anabwerera m'mbuyo akupuma ngati athamanga. Asiyatu sakanawabereka ndi mimba ija. Mafunde oyamba anali atayamba kutimenya m'nthiti.

Tonse tinkadziwa chotsala, koma panalibe woti achitchule. Che Mbwana anachiona ali tsidya lija, anakuwa, Saidi ali m'manja: “Iwe mkamwini! Usayerekeze! Amenewo ndi apongozi ako!”

“Ndiye bwerani mudzawatenge inuyo, amalume!” anayankha Asiyatu. Agogo anu aja anali ofatsa, koma osati tsiku lililonse.

Che Mbwana anayang'ana madzi, sanasunthe.

Ine ndinangoima, manja ali lende. Ndikawagwira, ndaphwanya mwambo pamaso pa mwini mbumba, chitengwa chathera pompo. Ndikawasiya, nanga ndiwasiya bwanji? Patuma anayamba kulira tsidya lija, akuitana agogo ake. Pamenepo ndinamva mawu kumbuyo kwanga, otsika koma osanjenjemera:

“Asiyatu, uwauze amuna akowo anjute.”

Ndinanjuta mpaka madzi m'chibwano. Ndinamva manja awiri ang'onoang'ono, ozizira, akundigwira m'mapewa. Ndinadzuka nawo. Anali opepuka ngati mtolo wa bango, mayi amene ndinkamuopa zaka zisanu.

Tsono mverani izi. Pakamwa pawo pali pa khutu langa penipeni, koma mwambo sanautaye.

“Asiyatu, uwauze asathamange.”

“Asiyatu,” ndinatero ine, “uwauze amayi agwire mapewa, asagwire pakhosi, ndikulephera kupuma.”

“Asiyatu, uwauze kuti funde likandinyowetsera khadi langa, akayankha okha kwa anyamata aja.”

“Inu nonse awiri mukumvana,” anatero Asiyatu akulimbana ndi madzi pambali pathu, “ndisiyeni ndiwoloke!”

Pakati penipeni phazi langa linapeza dzenje. A Jafali sananame, khwawa linali litakumbika. Ndinatitimira mpaka madzi kundiphimba pakamwa, funde n'kutidutsa pamwamba. Zala zawo zinalowa m'mnofu mwanga, ndipo anakuwa dzina limodzi, osati la Mulungu, osati la Asiyatu. Anakuwa, “Amidu!” Ine pansi pa madzipo ndinalimva. Ndinakumba mchenga ndi zala za kuphazi monga tinkachitira pokoka khoka, ndinawakankhira m'mwamba, ndinaponda kamodzi, kawiri, kachitatu mutu unatuluka. Sindinawatsitse mpaka madzi atafika m'kakolo.

Kugombe amayi a mudzi wonse anali ataima, ena atagwira pakamwa, ena akubisa kuseka m'zitenje. Amayi anga ondibala anangokhala pansi ndi manyazi. Che Mbwana sanadikire n'komwe kuti avale nsapato.

“Milandu iwiri! Woyamba, watinamiza za madzi, pang'ono kutiphera mbumba. Wachiwiri, wagwira apongozi ake anthu onsewa akuona. Mawa tikubwerera ku Katuli tonse, ndipo nkhaniyi ikakambidwa pabwalo!”

Ine ndinakhala pamchenga, nkhope kunyanja, mawu onse atandithera, chinthu chimene sichinachitikenso mpaka lero. M'maso mwanga ndinkangoona khasu.

Apongozi anafinya chitenje chawo mosafulumira. Anamasula duku, kuyang'ana khadi lija, kulipukuta, kulibwezera. Kenako ndinamva mapazi akubwera, osapatuka, mpaka anaima patsogolo panga.

“Twaibu.”

Dzina langa, m'kamwa mwawo! Ndinayang'ana pansi.

“Dzutsa mutu, ndikuyankhula ndi iwe.”

Ndinadzutsa. Anali ndi chipini chasiliva pamphuno, mphini ziwiri patsaya, ndi maso ofanana ndendende ndi a Patuma wanga.

“Nyanja yakoyi ndaiona. Ndi yachinyengo monga ndinkanenera, imaseka m'mawa, masana yasintha. Koma iwe sunandinyenge. Ukanati tiyeni ndi osaya, bwenzi mawa ndikukwera lole ndi ana anga onse.” Anatembenukira kwa mchimwene wawo. “Mlandu wanji, achimwene? Mwana akabereka mayi wake pamadzi timamulipiritsa? Wanga uja panalibe womubereka.”



“Asiyatu atsale,” anapitiriza apongozi. “Koma ana awa, ndi ali m'mimbayu, adziwe kusambira mano a ubwana asanaguluke. Uwaphunzitsire komwe kuja. Ndidzabwera kudzaona ndekha.”

Ndi mmene munakhalira anthu a kunyanja, ana inu. Mukanakhala a kuphiri, mukulima mizere yopindika ngati yanga. Amene anali m'mimba uja ndi azakhali anu a Mariamu, amene anadzasambira kuposa amuna onse a msinkhu wawo, mwana wanga ameneyo.

Patapita masiku awiri tinawaperekeza kumsewu. Lole inakweza anthu awiri okha. Che Mbwana anakhala chondipatsa msana, ndipo sanandiyankhule mpaka pa Idi. Koma lole itayamba kuyenda, fumbi litadzuka, ndinaona kamayi kaja kakuimirira pamwamba pa matumba, dzanja limodzi litagwira duku, n'kukuwa ndi mawu oti ngakhale ine ndinachita nawo nsanje:

“Twaibu! Chaka chamawa tidzapite pa bwato!”